Kodi Nyimbo Zakale za Azungu Zikuwamanga Kapena Zikuwabera Azibambo a ku Petauke ndi Nyimba?

Mwamuna wa ku Petauke kapena ku Nyimba amene lero ali ndi zaka zapakati pa 40 ndi 60 ndiye wasenza mudzi. Ndiye mphunzitsi wamkulu pasukulu, ndiye mwini golosale paboma, ndiye woyendetsa lole ya chimanga ndi mtedza, ndiye mkulu wa mpingo amene amaitanidwa banja likavuta. Mukabwereka foni yake n'kuona zimene amamvera, kawirikawiri mupezamo Don Williams, Kenny Rogers, Dolly Parton, Jim Reeves, ABBA, Boney M, Bee Gees, Dire Straits, Phil Collins ndi Lionel Richie. Ena mwa oimbawa anatsikira kulichete kalekale: Jim Reeves anafa pangozi ya ndege mu 1964, Don Williams anamwalira mu 2017, Kenny Rogers mu 2020. Komabe mawu awo akadamveka m'mabala a m'mphepete mwa Great East Road, m'mabasi ochokera ku Lusaka akaima pa Nyimba kuti anthu agule nthochi, ndiponso paukwati nthawi yodula keke.

Chikondi chimenechi chagawa anthu pawiri. Ena akuti nyimbozi ndi chuma cha azibambowa ndipo palibe woyenera kuwalanda. Ena akuti ndi chizindikiro cha m'badwo umene unakonda za eni n'kutaya zake. Mtsutsowu suthera pamakutu pokha. Ukukhudza chilankhulo, ukukhudza ndalama, ukukhudzanso chimene bambo adzasiyire mwana wake.

Njira imene nyimbozi zinadzera

Kuyambira nthawi ya atsamunda amuna achinsenga ankachoka pamudzi kukagwira ntchito kumigodi ya ku Copperbelt, ku Lusaka, ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Pobwerera ankatenga njinga, suti, ndipo amene zinamuyendera bwino ankatenganso galamafoni ndi mbale zake. Mu 1949 kunafika kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kamene kanalowetsa m'nyumba za anthu wamba mawu a Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, kumene a Alick Nkhata ankaimba ndi gitala nyimbo za m'zilankhulo zathu. Usiku wailesi zinkagwiranso LM Radio ya ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, yomwe inkaulutsa nyimbo za pop ndi rock mpaka pamene inatsekedwa mu 1975. Mu December 1970 James Brown anadzaimba iye mwini ku Lusaka ndi ku Ndola.

Zimenezo zinali za makolo ndi achimwene awo. Azibambo a lerowa anakula m'nthawi ya kaseti. Wailesi ya Supersonic yopangidwa ku Livingstone, mabatire a ku Mansa oanikidwa padzuwa kuti abwezeko mphamvu, tepi yobwezedwa ndi bolopeni posunga mabatirewo: izi ndizo zinali zida zawo. Mnyamata wa kusukulu yogonera konko ya ku Petauke kapena ya ku Nyimba ankakopera mawu a nyimbo kumapeto kwa kope, ndipo kaseti imodzi yobwera ndi mchimwene pa basi ya UBZ inkazungulira chipinda chonse chogona mpaka itatafunika. Apa ndi pamene panamera chikondi chimene tikukanganirana.

Mbali yovomereza

Ovomereza amayamba ndi mfundo imene aliyense amaidziwa mumtima mwake: nyimbo imene munthu anaimva ali mnyamata simuchoka. Amati bambo akamamvera Kenny Rogers sakuganiza za ku Texas, kumene sanapondeko. Akukumbuka tsiku lotsekera sukulu, kalata yoyamba imene analembera mayi a ana ake, mnzake wa pabedi loyandikana amene anapita ndi matenda a m'ma 1990. M'badwo umenewu unaika anthu ambiri m'manda. Unakula nthawi ya mizere ya ufa, sopo ndi mafuta ophikira, nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inkataya anthu othawa kwawo mpaka boma linatsegula malo a Ukwimi mu 1987. Amene anapulumuka zonsezo ali ndi ufulu wosunga chilichonse chimene chinawatonthoza. Kuwauza kuti asiye nyimbozi n'chimodzimodzi kuwauza kuti aiwale anzawo.

Mfundo yachiwiri ndi ya mtima wa mwamuna. Kwathu kuno mwamuna amaphunzitsidwa kulimba. Pamaliro amayi amalira m'nyumba, iye ali panja kukonza za bokosi, za manda ndi za chakudya. Fizi ya ana, feteleza wochedwa, ndalama za chimanga zimene sizinatuluke, kuthamanga kwa magazi kumene kwayamba kumuvuta, zonsezi amazimeza yekha. Ovomereza amati nyimbo zodekha za country ndi za chikondi zimamupatsa mwamuna wotereyu mpata wopuma popanda kufotokozera wina aliyense. Don Williams ankaimba mosathamanga, ndi mawu apansi, ngati munthu wamkulu akulangiza. Nkhani zake ndi za anzake zinali za banja, munda, ngongole, mowa, kulapa ndi Mulungu, zinthu zimene mlimi wa kwa Mwanjawanthu kapena wa kwa Ndake amazidziwa bwino kuposa munthu wa mumzinda wa New York. N'chifukwa chake woimbayu atafika ku Harare mu 1997 analandiridwa ngati mwana wapakhomo. Ngati bambo akhala pakhonde ndi kasipika kake madzulo m'malo mopita kukasaka ndewu, amatero ovomereza, banja lapindula.

Mfundo yachitatu ndi yakuti nyimbozi si zachilendo monga anthu amanenera. Rock inabadwa kuchokera ku blues, ndipo blues ndi nyimbo za zidzukulu za Aafirika amene anatengedwa ukapolo kupita ku America. Ngakhale banjo imene imalira mu country inachokera kwa akapolo omwewo. Mick Jagger ndi anzake a Rolling Stones anaphunzira kwa anthu akuda monga Muddy Waters ndi Chuck Berry, ndipo sanabise zimenezo. Choncho khutu la munthu wa ku Nyimba likagwidwa ndi gitala ya rock, likuzindikira m'bale amene anapita kutali n'kubwera atasintha zovala.

Pomaliza ovomereza amaloza chimene nyimbozi zinabala m'Zambia. Popanda Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Rolling Stones sikukanakhala nyimbo za rock za m'Zambia zotchedwa Zamrock. A Emmanuel Chanda a gulu la WITCH anatchedwa Jagari chifukwa cha Mick Jagger. A Paul Ngozi, amene dzina lawo lenileni linali Paul Nyirongo, anatenga moto wa Hendrix n'kuuthira m'nyimbo za moyo wa m'makomboni a ku Lusaka. A Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya, Amanaz, a Chrissy Zebby Tembo, onsewa anayamba ndi kumvera za kunja. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Dziko limene litseka makutu ake, amatero ovomereza, limatsekanso pakamwa pake.

Mbali yotsutsa

Otsutsa savutika ndi kukoma kwa nyimbozi. Amavomera kuti Mark Knopfler wa Dire Straits amadziwa gitala ndiponso kuti Dolly Parton ndi katswiri wopeka nyimbo. Chimene akudandaula n'chakuti chikondichi chinabwera ndi mwano. M'zaka zimene azibambowa anali pasukulu, Chingerezi ndicho chinali khomo la ntchito, ndipo m'sukulu zambiri mwana wopezeka akulankhula chilankhulo cha kwawo ankalangidwa. Nyimbo ya Chingerezi inasanduka chizindikiro cha munthu wophunzira. Woimba motsatira Phil Collins ankaoneka wotsogola, pamene woimba ya Chinsenga ankatchedwa wachimidzi. Otsutsa amati mzimu umenewu sunafe. Ukadaoneka paukwati pamene wolamulira mwambo aika nyimbo za azungu nthawi ya alendo olemekezeka, n'kusiya ng'oma kuti zilire kuseri dzuwa litapendeka. Ndiye kuti bambo akamati nyimbo zenizeni zinali zakale, kawirikawiri sakunena za agogo ake. Akunena za agogo a anthu ena.

Mfundo yawo yachiwiri ndi yowawa kwambiri, chifukwa ili ndi umboni. Mu 1961 katswiri wa nyimbo wa ku Britain, John Blacking, anafika m'boma la Petauke n'kujambula anyamata ndi azibambo achinsenga akuimba kalimba. Zimene anapeza anazilemba m'magazini ya African Music chaka chomwecho, ndipo mpaka lero ophunzira za nyimbo m'mayunivesite akunja amaziwerenga. Munthu anachoka kutali kudzaphunzira luso la zala za Ansenga. Tsopano funsani pamsika wa Petauke kapena pasiteshoni ya Nyimba kuti ndi azibambo angati a zaka 50 amene angathe kuchuna kalimba n'kuimba nyimbo imodzi yathunthu. Otsutsa amati unyolo unaduka m'manja mwa m'badwo womwewu. Agogo ankaimba, atate ankadziwako pang'ono, koma mwana wa kaseti anasankha kumvera m'malo moimba, ndipo alibe choti apatse mwana wake.

Chimodzimodzinso ndi Zamrock imene ovomereza amanyadira. Mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, chuma chinalowa pansi, magulu oimba anabalalika, ndipo Edzi inatenga oimba ambiri. A Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa amene anayambitsa WITCH, a Jagari okha ndiwo anatsala, ndipo kwa zaka zambiri ankakumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya. Ndani anafukula nyimbozi? Sanali azibambo okonda zakale a kuno kwathu. Inali kampani ya Now-Again ya ku America imene inazisindikizanso. Mu 2023 WITCH inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango n'kuyamba kuimba m'mayiko ambiri, ndipo mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga mawu a Ngozi Family a m'chimbale cha 45,000 Volts cha 1977 n'kuwaika m'nyimbo yake imene inamveka dziko lonse. Otsutsa amafunsa kuti: zinatheka bwanji kuti mnyamata wa ku Los Angeles asunge a Paul Ngozi, pamene bambo wa ku Petauke wasunga Kenny Rogers yekha?

Mfundo yachitatu ndi ya ndalama. Azibambo a zaka zapakatiwa ndiwo agwira chikwama. Ndiwo eni mabala ndi malo ogona alendo, ndiwo amalipira maukwati, ndiwo amapereka malonda ku mawailesi. Akasankha sipika ndi fulashi yodzaza nyimbo zakunja zokopera pamsika, mnyamata wa gitala wa ku Minga kapena wa ku Kacholola amasowa poimbira. Kenny Rogers sanasowepo kwacha ya munthu wa ku Nyimba, koma woimba wapafupi amaifuna kuti agule nsambo za gitala yake. A Kenneth Kaunda anaona zimenezi pamene analamula, m'zaka za m'ma 1970, kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Otsutsa amati lamulo limenelo linatsegulira njira Zamrock komanso kalindula ya a PK Chishala, Amayenge ndi Serenje Kalindula Band, ndipo amati mtima umene unalibala ukufunikanso lero.

Chomaliza chimene otsutsa amanena ndi mpata umene nyimbozi zimakumba pakati pa bambo ndi ana ake. Bambo amene amati za Yo Maps, za Chef 187 ndi amapiano ndi phokoso lopanda tanthauzo waiwala kuti atate ake ankanena mawu omwewo za Boney M ndi mathalauza otambalala kumiyendo. Kukumbuka zakale kukasanduka chikwapu, mwana amavala zomvera m'makutu, bambo amakweza sipika yake, ndipo nyumba imodzi imakhala ndi mayiko awiri osalankhulana.

Kuyeza mbali ziwirizi

Mbali iliyonse ili ndi pamene yagunda ndi pamene yapyola muyeso. Ovomereza akunena zoona pa za kukumbukira. Palibe amene angalamule mtima wa munthu kuti ukonde chiyani, ndipo bambo amene amatonthozedwa ndi Don Williams sanalakwire mtundu wake. Munthu akhoza kukhala Mnsenga weniweni, wopita ku mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo mwezi wa October uliwonse, n'kumamveranso Dire Straits pobwerera. Makutu a munthu ali ndi malo ambiri. Koma ovomereza apyola pamene akubisala kumbuyo kwa Zamrock. Oimba a Zamrock sanangomvera. Anatenga gitala, anapeka zawo, anaika Chinyanja ndi Chibemba pamene panali Chingerezi chokha. Munthu amene wamvera kwa zaka 30 osaimbapo, osagulapo nyimbo ya woimba wa kwawo, sangadzitche wolowa nyumba wa a Paul Ngozi.

Otsutsa nawonso akunena zoona pa za kalimba ndi za chikwama. Koma apyola m'malo awiri. Poyamba, sizoona kuti Jim Reeves ndiye anapha kalimba. Ulendo wa kumigodi, sukulu zimene zinkanyoza za pamudzi, mipingo ina imene inkati ng'oma ndi zachikunja, ndi umphawi umene unachititsa kuti kuimba kuoneke ngati ulesi, zonsezi zinali ndi dzanja lalikulu kuposa kaseti. Chachiwiri, lamulo la a Kaunda silinagwire ntchito palokha. Nthawi imeneyo kunali Teal Record Company ku Ndola yosindikiza mbale, kunali Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo yojambulitsa ndi kugulitsa nyimbo, kunali mahotela ndi makalabu a kumigodi olipira magulu oimba. Zimenezi zitafooka, lamulo linatsala papepala ndipo makaseti okopera anadzaza misika. Lero, pamene aliyense ali ndi wailesi yakeyake m'thumba, lamulo lotere silingafike pa foni ya munthu. Chimene chimakweza nyimbo za dziko ndi anthu olipira, malo oimbira ndi akulu ophunzitsa.

Pamene ine ndaima

Amayi akamavina chitelele, mmodzi amayambitsa nyimbo, anzake n'kuvomereza. Woyambitsa akaponya mawu koma bwalo lili duu, gule wafa, ngakhale mawuwo akome bwanji. Umu ndi mmene ndikuonera nkhani yathuyi. Nyimbo za azungu zinayambitsidwa kutali, zinafika kwa ife, ndipo m'badwo wa m'ma 1970 unavomereza ndi mawu ake, mwakuti lero dziko lonse likumvera yankho lawo. M'badwo wa azibambo a lero unalandira nyimbo zomwezo, unazikonda moona mtima, koma sunayankhe. Vuto silili pa zimene zili m'foni mwawo. Vuto lili pa zimene mulibe.

Choncho sindikupempha bambo aliyense kuti afufute Don Williams. Ndikupempha kuti pafupi naye aikepo a Paul Ngozi, Amanaz, a Alick Nkhata, a PK Chishala, Sakala Brothers ndi mayi Angela Nyirenda, kuti mwana wokwera m'galimoto yake kapena wokhala naye pakhonde adziwe kuti zakale zokoma zili ndi mayina a kwathunso. Bambo amene amadziwa chaka chimene Beatles inapasuka ayenera kudziwanso kuti chimbale cha Lazy Bones cha WITCH ndi cha Africa cha Amanaz zinatuluka mu 1975, iye ali mwana kapena asanabadwe.

Pali zina zimene azibambowa angachite popanda kudikira boma. Mwini bala amene amaika nyimbo zakale Lachisanu angapereke Loweruka kwa gulu loimba la m'deralo n'kulilipira ndalama yooneka, osati mowa. Wokonza ukwati wa mwana wake angaike oimba ng'oma pa ndondomeko ya mwambo, pamaso pa alendo olemekezeka omwewo, n'kuwawerengera pa bajeti monga amawerengera wojambula zithunzi. Mawailesi monga PASME ndi Explorers ku Petauke ndi Breeze FM ya ku Chipata ali ndi omvera okhulupirika a msinkhu umenewu, ndipo wamalonda amene angalipirire ola limodzi la nyimbo zakale, theka zakunja theka za m'Zambia, adzakhala atachita chinthu chachikulu ndi ndalama zochepa. Ndipo foni imene imaimba Bee Gees imathanso kujambula mawu. M'midzi ya kwa Nyamphande, kwa Mumbi, kwa Nyalugwe ndi kwa Luembe mukadali nkhalamba zodziwa nyimbo za pamtondo, za pamaliro, za kumunda ndi za kalimba. Ntchito imene John Blacking anaichita ndi makina olemera mu 1961, mphunzitsi aliyense wa ku Nyimba angaichite lero ndi chimene chili m'thumba mwake, ndipo iye amamva chilankhulocho popanda womasulira.

Ndikunena izi kwa azibambo a zaka zapakati chifukwa iwo okha ndiwo aima pamalo oyenera. Nkhalamba zili ndi nyimbo koma zilibe zida. Achinyamata ali ndi zida koma sanamvepo nyimbozo. Bambo wa zaka 50 anamva agogo ake akuimba, anamvanso gitala ya Mark Knopfler, ndipo ali ndi kandalama kogulira mwana wake gitala kapena kolipirira mmisiri womusemera kalimba. Akati adikire mpaka atapuma pantchito, adzapeza nkhalambazo zitapita. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ntchito imeneyi ndi ya chaka chino, pamene agogo akadali ndi mawu ndipo ana akadagona m'nyumba ya atate awo.